Chimbale cha malume chandikanika kumva, ndithandizeni

Nangozo wa ku Chilomoni:
Moni nonse apagulu. Ndili ndi nkhani imene yandisowetsa mtendere. Malume anga, achimwene awo a mayi, anadwala sitiroko chaka chatha. Mbali yakumanja siyigwira bwino ndipo kuyankhula kumawavuta, mawu amatuluka awiri atatu basi. Tikukhala nawo kunyumba kuno. Iwowa ndi munthu wa jazz kuyambira kale. Ali ndi katoni ya ma CD pansi pa bedi, ndiye Lamulungu lililonse tikabwera kutchalitchi amaloza katoniyo, ine n'kumatulutsa chimodzichimodzi mpaka agwedeze mutu. Kanayi kotsatizana tsopano akusankha chimbale chimodzimodzi, Ascension cha John Coltrane, woyimba sakisofoni wa ku America.

Abale, mphindi pafupifupi 40, nyimbo imodzi yokha osapumira. M'makutu mwangamu mumangomveka malipenga akukangana, aliyense zake, ngati pa depoti ya Wenela m'mamawa. Koma malume amatsinzina, nthawi zina misozi n'kumatsika. Ndimakhala pambali pawo poti sindingawasiye okha, koma mtima umandiwawa kuti chinthu chowafika pamtima chonchi ine sindikutolamo kanthu. Kale akanandifotokozera, pano sangathe. Kodi kumva zimenezi munthu amachita kuphunzira, kapena ndi mphatso yobadwa nayo?

Mayi a Tadala:
Pepani achemwali ndi matenda a malume. Mulungu akupatseni mphamvu, kudwazika si ntchito yamasewera.

Bambo a Dalitso, Zingwangwa:
Pepa mwanangu. Ukuchita bwino kukhala nawo pafupi. Kumva kumeneku amachita kuphunzira, palibe anabadwa nako. Kungoti iwe wakwera Mulanje poyambira pa Sapitwa, pamene anzako amayambira ku Likhubula.

Chimbale chimenecho anachijambula mu June 1965 ndipo muli anthu 11: masakisofoni asanu, malipenga awiri, piyano, mabesi awiri ndi ng'oma. Koma Coltrane mwini wake sanangodzuka n'kufika pamenepo. Mu 1959 anali m'gulu la Miles Davis pojambula Kind of Blue, nyimbo zofatsa zoti ngakhale mwana angagone nazo. Mu 1961 anatulutsa My Favorite Things. Mu December 1964 anajambula A Love Supreme ali anthu anayi okha. Patangopita miyezi isanu ndi umodzi ndiye kunabwera Ascension, ndipo mu 1967 anamwalira ali ndi zaka 40 zokha. Malume akowo anayenda naye njira yonseyi, n'chifukwa chake akafika pamwambapo sasochera. Fufuza m'katonimo, ndikukhulupirira zimbale zinazi zilimo. Uzimvera motsatana ndi zaka zake, chimodzi sabata yathunthu.

Wakwaya wa ku Ndirande:
Ndiwonjezere pa zimene anena bambo. Ine ndimaphunzitsa kwaya ndi kuyimba kiyibodi, ndipo chimene chinanditsekula makutu ndi kudziwa kuti nyimbo za jazz zambiri zimazungulira. Poyamba onse amayimba mutu wa nyimbo. Kenako aliyense amapatsidwa mpata wopeka zake pomwepo, koma pansi pake makodi a mutu uja, mawu angapo aja omenyedwa pamodzi pa piyano kapena gitala, akungozungulirabe osasintha. Onse akamaliza amabwereranso ku mutu, nyimbo n'kutha. Ukapanda kudziwa zimenezi umaona ngati munthu wasochera, chonsecho akuyenda m'mizere yomweyo.

Chemwali, yambani ndi nyimbo yoyamba ya mu Kind of Blue, So What. Besi ndi imene imatsogolera, malipenga n'kumapolokoza ndi mawu awiri okha, chimodzimodzi amayi kuchinamwali kapena kwaya ya chigwirizano, wina kutsogolera ena kuvomera. Ili ndi mabala 32, bala limodzi ndi kugunda kanayi. Mabala 16 oyamba ali pa kiyi imodzi, 8 otsatira amakwera pang'ono pokha, kuchoka pa D kupita pa E flat, 8 omaliza amatsikanso. Muziwerenga wani, thu, fili, folo, n'kumapinda chala. Pakapita masiku atatu simudzawerenganso, thupi lidzayamba kumva lokha kuti apa takwera, apa tatsika. Mukamva kukwera ndi kutsika kumeneko pamene Coltrane akuthamanga ndi sakisofoni yake, dziwani kuti mwalowa m'nyumba.

Achimwene a ku Machinjiri:
Ine ndilankhule chilungamo, musandide. Ndinayesapo zinthu zimenezi ndipo kwa ine ndi phokoso. Nyimbo imayenera ikugwire yokha. Ukamva Allan Namoko kapena Lucius Banda palibe amakuuza kuti pinda zala uwerenge. Ngati mpaka munthu achite kulowa kalasi kuti amve kukoma, vuto lili ndi woyimbayo. Ndimaonanso kuti ena amangonamizira kuzikonda kuti azioneka ophunzira. Sindikunena malume a achemwaliwa ayi, munthu sangagwetse misozi yonamizira.

Wabesi wa ku Bangwe:
Achimwene, onamizira alipo, sindikana. Koma ndikufunseni kaye: munamvera pa chiyani? Ngati munamvera pa sipika ya foni ndiye kuti theka la nyimbo simunalimve. Kasipika kameneka sikatulutsa besi, ndipo besi ya jazz ndi ija yaikulu yathabwa yoyimba choyimirira, mawu ake ndi apansi kwambiri. Ukaichotsa chimatsala ndi malipenga okhaokha akulira m'mwamba opanda pokhazikika. Zili ngati ndiwo zopanda nsima.

Chemwali Nangozo, malume mumawayimbira pa chiyani?

Nangozo wa ku Chilomoni:
Pa DVD yolumikiza ku TV achimwene. Wailesi yawo yaikulu inapsa magetsi atabwera mwamphamvu, masipika ake angokhala m'chipinda.

Wabesi wa ku Bangwe:
Ndiye poyambira ndi pomwepo. Masipikawo ngati ali bwino pezani ka ampu, amisiri a mawailesi ku Limbe kapena mumsika wa Blantyre akhoza kukulumikizirani, kapenanso kukonza wailesiyo. Podikira zimenezo muzimvera panokha ndi mahedifoni.

Tsono njira yanga ndi iyi. Musamvere gulu lonse. Sankhani munthu mmodzi n'kumutsatira kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ngati mmene umatsatira mwana wako m'chigulu cha anthu pa Kamuzu Stadium. Ulendo woyamba tsatirani besi yokha. Wachiwiri ng'oma, makamaka ma cymbal, timbale tachitsulo tija. M'nyimbo zathu zambiri kugunda kumakhala pa ng'oma yaikulu yoponda ndi phazi, koma mu jazz kuli m'mwamba, pa kambale kamene dzanja lamanja likumenya kuti ting, ting-ti-ting. Khutu lathu limakafuna kugunda pansi, likakupeza palibe limati nyimbo ilibe mayendedwe. Wang'oma wa Coltrane, Elvin Jones, amavuta chifukwa amaphatikiza kugunda kwa patatu ndi kwa pawiri nthawi imodzi, koma zimenezo kwa ife si zachilendo. Manganje amatero, ng'oma za kumudzi zimatero.

Mphwanga wa ku Chirimba:
Apa mwandikhudza. Kwathu ndi ku Dedza, ndinakulira pa bwalo la gule. Mlendo akafika koyamba amati ng'oma zikungosokosa. Koma ife timadziwa kuti gunda ndi mpanje zagwira pansi, sizisuntha, pomwe mbalule ndi imene ikuyankhula ndi chilombo. Wambalule amayang'ana mapazi a wovina, akaponda iye amenya, akatembenuka iye asintha. Tsiku limene ndinamva Coltrane ndi Elvin Jones ali awiriwiri, piyano itangokhala chete, ndinati awa ndi wambalule ndi wovina wake.

Achimwene a ku Machinjiri:
Komatu pa gule wovinayo umamuona ndi maso. Fumbi likubuka, amayi akuwomba m'manja, ng'oma ukudziwa kuti ikuyankha chiyani. Pa CD ukuona ndani?

Mphwanga wa ku Chirimba:
Pamenepo mwanena zoona achimwene, sinditsutsa. Mwina n'chifukwa chake ambiri zimativuta. Ine zinandithandiza kuonera mavidiyo a gulu la Coltrane pa YouTube. Ukaona thukuta, ukaona mmene wang'oma akumuyang'anira mnzake, khutu limayamba kulumikiza. Bandulo imatha koma n'zothandiza.

Agogo a ku Chileka:
Ana inu, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Dzina la jazz kuno kwathu si lachilendo ayi. Magulu a mabanjo ankadzitcha jazz band, Namoko amene mwamutchulayo gulu lake linali Chimvu River Jazz Band. Kuno ku Chileka tinali ndi Daniel ndi Donald Kachamba a kwa Singano, oyimba kwela, chitoliro, gitala ndi besi ya chingwe chimodzi. Mzungu wa ku Austria, Gerhard Kubik, anayamba kuwajambula mu 1967 ali anyamata, mpaka anakayimba ku Ulaya. Mukamvetsera Donald pa chitoliro, gitala ikungozungulira makodi omwewomwewo, iye pamwamba akupotoza, kubwereza, kuthawa n'kubwereranso. Kodi si zomwe akunena a kwayawa? Kusiyana kwake n'koti kwela imazungulira pafupi, umaona pobwerera msanga. Aku America bwalo lawo ndi lalikulu, munthu amapita kutali asanabwerere. Mdzukulu wanga Nangozo, uyambe wamvera za kwathu zino ndi khutu lofuna kudziwa kuti chikuzungulira n'chiyani, chikusintha n'chiyani.

Wakwaya wa ku Ndirande:
Zikomo agogo. Komanso malemu Wambali Mkandawire, amene anatisiya mu January 2021, ndi mlatho wabwino. Mu chimbale chawo cha Zani Muwone muli makodi a jazz enieni koma mayendedwe ndi a kumpoto kwathu konkuno. Erik Paliani nayenso, mwana wa kuno amene anagwira ntchito ndi Hugh Masekela ku South Africa. Khutu likazolowera makodi owawasa pang'ono amenewo mu nyimbo zoti ukuzimva chiyankhulo, ukawapeza kwina sakudabwitsanso.

Bambo a Dalitso, Zingwangwa:
Poti mwatchula South Africa, ndifotokoze mmene ine zinandilowera. Bambo anga anali a ku Joni, anabwerako ndi gumbagumba ndi mbale zingapo zakuda zija. Pakati pake panali Yakhal' Inkomo ya Winston Mankunku Ngozi, ya 1968. Dzinalo likunena kulira kwa ng'ombe, ndipo bambo ankati ndi ng'ombe imene yaona kuti ikupita kokaphedwa. Ndinali kamnyamata, ndinkangomva kuti sakisofoni ikulira modabwitsa, mawu ake okhakhala ngati munthu wasasa. Tsiku lina usiku ndinawapeza bambo ali okha pakhonde, nyali atazimitsa, mbale ikuzungulira. Anandikhazika pansi n'kundiuza za mapasi, za ku komponi, za anzawo amene anatsalira pansi pa mgodi. Sanandiphunzitse makodi kapena kuwerenga mabala. Anangondiuza chimene munthuyo akulirira, basi khutu linatseguka.

Mankunku ankatsatira kwambiri kayimbidwe ka Coltrane. Ndipo anyamata ena a kumeneko, gulu la Blue Notes, Chris McGregor, Dudu Pukwana, Mongezi Feza, Johnny Dyani ndi Louis Moholo, anachoka m'dzikomo mu 1964 chifukwa malamulo a tsankho sankalola azungu ndi akuda kuyimbira limodzi momasuka. Atafika ku London kayimbidwe kawo kanasanduka kolusa ngati ka Ascension komweko, koma ukamvetsera bwino pansi pake kwela ilipo, nyimbo za kutchalitchi zilipo. Achimwene a ku Machinjiri, anthu amenewa sankafuna kuoneka ophunzira. Ambiri a iwo anafera kunja osaonanso kwawo.

Mayi a Tadala:
Bambo mwandikumbutsa chinthu. Ine za mabala ndi makodi sindizidziwa, koma ndakhalapo m'nyumba ya siwa kambirimbiri. Kunja azibambo ndi akwaya akuyimba nyimbo ya m'buku mwadongosolo, m'nyumba amayi akubuma, wina akutchula dzina la malemu, wina akungolira opanda mawu, aliyense ndi liwu lake nthawi imodzi. Palibe amene anatulukapo n'kunena kuti amayiwa akuphonya kiyi. Tonse timamva chimene chikunenedwa. Pamene mwana wanga anandiyikira Alabama ya Coltrane n'kundiuza kuti inayimbidwa mu 1963, atsikana anayi ataphedwa ndi bomba m'tchalitchi ku Birmingham, ku America, ndinamva kubuma komweko. Achemwali, mwina malume anu pamene pakamwa pakukanika, malipengawo akuwanenera.

Achimwene a ku Machinjiri:
Mayi, izi ndiye zandilowa. Koma ndifunsebe: si nyimbo zonse zovutazi zili za chisoni. Nanga zinazo tizimva bwanji? Komanso munthu ungadziwe bwanji kuti uyu akudziwa chimene akuchita, uyu akungopemerera mpweya mu lipenga?

Wabesi wa ku Bangwe:
Funso labwino. Ine ndimayang'ana ngati akumverana. Ongosokosa aliyense amakhala m'dziko lake. Odziwa, wina akaponya kamawu mnzake amakawakha, kukatembenuza, n'kukabweza.

Yesani izi, n'zosavuta. Pali chimbale cha Ornette Coleman chotchedwa Free Jazz, anachijambula mu December 1960. Muli magulu awiri a anthu anayi anayi akuyimba nthawi imodzi, lina analiyika kumanzere lina kumanja, lililonse ndi besi yake ndi ng'oma zake, piyano mulibe. Valani mahedifoni, muchotse la kumanja. Mutsala ndi anthu anayi okha: Coleman, Don Cherry pa kalipenga kakang'ono, Scott LaFaro pa besi ndi Billy Higgins pa ng'oma. Mverani mphindi zisanu. Kenako sinthani, mumve a kumanja, Eric Dolphy, Freddie Hubbard, Charlie Haden ndi Ed Blackwell. Mukatero valani onse awiri. Mudzamva kuti ng'oma za mbali imodzi zikuyenda mofulumira kuposa zinazo koma sakuphonyana, ndipo Coleman akanena kanthu kumanzere wina kumanja amamuyankha, nthawi zina mochita kuseka. Mulibe chisoni m'menemo, ndi macheza a anthu okondwa. Ine ndinachita zimenezi usiku wina magetsi atazima, foni ili ndi moto wochepa, ndipo ndinabwereza mpaka inazima.

Coleman uyu atafika ku New York mu 1959 ndi sakisofoni yake yapulasitiki, oyimba anzake ambiri ankanena zomwe mukunena inuzi, kuti sadziwa kuyimba. Ndiye kukayika kwanu si kwachilendo.

Wakwaya wa ku Ndirande:
Ndibwerere ku Ascension yeniyeniyo, poti Lamulungu likubwera ndipo chemwali akhalanso pampando uja. Nyimboyi ili ndi dongosolo. Imayamba ndi kamutu kafupi kwambiri, Coltrane amakanena ena n'kukalandira. Kenako onse amalowa pamodzi, ndi pamene pamamveka ngati pa depoti paja. Zikatero onse amapatuka, kutsala munthu mmodzi ndi piyano, mabesi ndi ng'oma. Akamaliza onse amalowanso, kenako wina yekha, choncho mpaka aliyense alankhulepo. Zili ngati pa bwalo la milandu, mmodzi kuyankhula, anthu kung'ung'udza, wina kuyimirira. Tengani pepala, muzilemba kamzere nthawi iliyonse imene gulu lapatuka. Woyamba ndi Coltrane mwini. Chakumapeto kuli piyano ya McCoy Tyner, kenako mabesi awiri okha, pamenepo mudzapuma.

Musanafike Lamulungu mverani A Love Supreme, makamaka chigawo choyamba. Besi imabwereza timawu tinayi basi, ndipo kamutu ka Ascension n'kachibale ndi timawu timeneti. Chigawo chomaliza, Psalm, Coltrane akuwerenga pemphero limene analemba pa chikuto cha chimbalecho, koma akuliwerenga ndi sakisofoni, liwu ndi liwu. Ngati kabuku ka m'CD kalipo, tsatirani ndi chala.

Mayi a Tadala:
Kungoti musakweze kwambiri voliyumu mukalumikiza masipika aakuluwo, odwala ena phokoso limawatopetsa. Muziwayang'ana nkhope.

Nangozo wa ku Chilomoni:
Ndabweranso abale, papita masabata awiri. Zikomo nonse, ndinawerenga uthenga uliwonse kangapo. Wailesi inakonzedwa, inali fyuzi ndi kachipangizo kena kakang'ono. Kind of Blue ndi A Love Supreme ndinazipeza m'katoni momwemo monga ananenera bambo a Dalitso. So What ndinawerenga mabala ndikutsuka mbale, tsiku lachinayi ndinamva kukwera kuja ndisanawerenge, ndinachita kuyima ndi sopo m'manja.

Dzulo tinayikanso Ascension. Sindinama, pamene onse alowa pamodzi pakundilemerabe, mutu umachita kutentha. Koma ndinatsatira ng'oma monga ananenera achimwene a ku Bangwe, ndipo ndinaona chinthu chimene masabata onsewa sindinkachiona. Chala cha malume cha kumanzere chimagunda pa mkono wa mpando, ndipo chimagunda limodzi ndi kambale kachitsulo kaja, osaphonya, ngakhale pamene ine ndimati palibe kugunda kulikonse. Ndinayamba kugunda nawo pa bondo langa. Anatsekula maso n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

Ndili ndi funso. Pa pepala langa, munthu wachitatu kuyimba yekha, pambuyo pa Coltrane ndi wa lipenga, sakisofoni yake imachita kukuwa ngati ikung'ambika. Pamenepo ndi pamene malume anandigwira dzanja n'kulifinya. Ameneyo ndani?

Bambo a Dalitso, Zingwangwa:
Ameneyo ndi Pharoah Sanders mwanangu. Anali ndi zaka 24 zokha pojambula chimbalecho, ndipo anakhala m'gulu la Coltrane mpaka 1967. Anamwalira mu 2022. Kukuwako amachita dala, amapemerera mwamphamvu mwakuti bango la pakamwa pa sakisofoni limatulutsa mawu angapo nthawi imodzi. Ngati malume ako amamukonda chonchi, fufuza m'katonimo chimbale chake cha 1969 chotchedwa Karma. Muli kukuwa komweko koma pansi pake besi ikuyenda mofatsa, pali timabelu ndi munthu woyimba pakamwa. Chimenecho sichikulemera ngati chinachi.

Achimwene a ku Machinjiri:
Inenso ndinayesa za hedifoni imodzi zija. Mbali ya kumanzere ndinafika nayo mphindi khumi, wabesiyo ndi katswiri, ndavomera. Onse awiri pamodzi sindinathebe. Ndiyesanso Loweruka.

Nangozo wa ku Chilomoni:
Bambo, ndachipeza. Chinali pansi penipeni, chikuto chake n'chong'aluka, anachimata ndi selotepi. Ndawaonetsa malume, achilandira ndi dzanja lamanzere ndipo akana kundibwezera, achiyika pansi pa pilo. Ndiye tidikira Lamulungu.